Wotsala Kukhola Patchuthi

M'kalasi mwawo munali ophunzira makumi atatu ndi mmodzi. Ambiri anali atangomaliza sekondale, ena ziphuphu zisanathe kumaso, pamene iye anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Sabata yoyamba yomwe, mtsikana wina anamufunsa ngati anabwera kudzaperekeza mwana. Atamva kuti ayi, nayenso ndi wophunzira, anagwira pakamwa n'kupepesa. Kuyambira tsiku limenelo onse ankamuitana kuti Azakhali.

Dzinalo silinali lachipongwe. Ankamusiyira mpando wakutsogolo, ankamulola kuyamba iye pamzere wa chakudya, ndipo akakumana naye pakhonde ankamupatukira. Koma ulemu womwewo ndi umene unkamusiya yekha. Nkhani zikafika pokoma iye n'kutulukira, zinkangozima ngati wina wathira madzi pa mbaula.

Asanabwere ku koleji kudzaphunzira ntchito yothandiza madokotala a ziweto, Zakhali anasoka makolala a malaya pa fakitale ina kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Makolala okhaokha, m'mawa mpaka madzulo. Pamene fakitaleyo inkatsekedwa ukwati wake unali utatha kale, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ankakhala m'tauni ina ndi bambo ake komanso mkazi wawo watsopano, chifukwa sukulu yabwino inali kumeneko. Malemu bambo a Zakhali ankaweta ng'ombe ziwiri zamkaka, choncho fungo la khola silinamunyanse n'kale lonse. Ataona chidziwitso cha kolejiyo m'nyuzipepala analembera, osauza munthu, kuopa kusekedwa akakanidwa. Anamutenga.

Ku hositelo anamuika chipinda chimodzi ndi mtsikana wamanyazi yemwe ankavalira kubafa ndipo ankatsekula chitseko pang'onopang'ono ngati m'chipindamo muli wodwala. Pofika mwezi wachiwiri mtsikanayo anali atasamutsira bulangeti lake kwa anzake, n'kumangobwera kudzatenga sopo ndi mabuku. Zakhali anatsala ndi mabedi awiri, windo loyang'ana kukhola, ndi chithunzi cha mafupa a ng'ombe chimene anamata pakhoma kuti azichiona akangodzuka. Maina a mafupawo ankamuthawabe m'mutu ngati madzi m'lichero. Masamu a mlingo wa mankhwala, kuti mbuzi yolemera mwakuti ibayidwe wochuluka bwanji, ankamutulutsa thukuta. Koma kukhola zinthu zinkamuyendera.

Kukholako kunali ng'ombe zisanu ndi ziwiri, mbuzi khumi ndi ziwiri, nkhosa zingapo ndi agalu anayi. Yaikulu pa zonse inali ng'ombe yaikazi yakuda ya mawanga oyera, yothyoka nyanga imodzi, imene ophunzira ankaitcha Pulofesa chifukwa inali itaphunzitsa anthu ambiri kuposa mphunzitsi aliyense pakolejipo. Aliyense amene anaphunzira kubaya jakisoni, kutenga magazi pakhosi, kapena kupisa dzanja kumbuyo kuti amve ngati muli bere, anaphunzirira pa Pulofesa. Ng'ombeyo inkangoima m'kampata kopanikizira ikubzikula, maso ali patsogolo, ngati kalaliki amene watsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito. Anyamata ankati ukaphonya mtsempha Pulofesa amausa moyo n'kukuchotsera malikisi.

Tchuthi cha masabata awiri chitayandikira, Zakhali anagulira mwana wake nsapato zoyera n'kuziika pansi pa chikwama. Lachitatu masana anakaima kuseri kwa laibulale, kumene foni inkagwira bwino, n'kumuimbira.

"Ndikubwera Loweruka. Ndikafikira kwa anzanga aja a kufakitale, iwe uzikandipeza kumeneko."

"Loweruka lino?" anafunsa mwanayo. "Komatu amayi akuti tipita kwawo. Kuli ukwati wa achimwene awo."

Mwanayo anazindikira chimene wanena.

"Ndikutanthauza anti. Anti ndi amene akuti tipita."

"Ndamva, mwanangu. Mukakhalako masiku angati?"

"Mpaka sukulu itatsala pang'ono kutsegulira. Mudzabwere tchuthi chinacho, amayi."

"Palibe kanthu. Utenge juzi, kumeneko kumazizira."

Sankadziwa ngati kumaziziradi. Anali asanafikeko.

Pa bolodi la zidziwitso panali pepala lofuna ophunzira awiri otsala patchuthi kuti azithandiza kukhola. Linali litakhala pamenepo sabata yathunthu lopanda dzina. Pochokera kuseri kwa laibulale kuja, Zakhali analemba dzina lake pamzere woyamba. Mzere wachiwiri unakhala choncho mpaka pepalalo linamatulidwa.

Lachisanu anzake anachoka ndi zikwama zawo, akuitanizana ndi kuseka njira yonse ya kugeti. Ena anamubayibitsa. "Mutisungire Pulofesa, Azakhali," anatero mnyamata wina wamtali. Pofika masana kantini inali itatsekedwa, ndipo mu hositelo yonse ya zipinda makumi anayi munkangomveka mpopi wa kubafa ukudontha.

Woyang'anira khola anali bambo wamfupi wa imvi, amene aliyense ankawatcha a Kapitawo. Ankalankhula kwambiri ndi ziweto kusiyana ndi anthu. Tsiku loyamba anayenda naye Zakhali khola lonse akumuonetsa ntchito: kukama ng'ombe zitatu dzuwa lisanatuluke, kuchotsa ndowe ndi wilibala, kusakaniza madeya ndi mchere, kusintha madzi m'zomwera, kutsuka makola a agalu, kenaka kuyeza chiweto chilichonse kutentha kwa thupi. Atafika pa geti ya kumunsi anaima.

"Iyi chotsekera chake chinathyoka chaka chatha. Waya uyu muzizunguliza kawiri, mayi, osati kamodzi. Pulofesa amadziwa kukankha ndi mphuno."

Kuseri kwa getiyo kunali munda wa nyemba za ziweto zimene koleji inkalima kuti izidula n'kuziumitsa. Mvula inali itangogwa, ndipo nyembazo zinali zanthete, zobiriwira mochititsa kaso.

"Zikadya zimenezo zili ndi mame, zimafufuma mimba," anatero a Kapitawo. "Ndinaonapo imodzi ikufa ola lisanathe."

Masiku anayi anadutsa mofanana. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pa matumba m'nyumba yosungiramo chakudya cha ziweto, a Kapitawo akumwa tiyi wa m'fulasiki, iye akudya buledi. Nkhani yawo inali ya mvula, kapena ya mbuzi ina imene inkatsokomola. Zakhali ankaona kuti kukhala chete ndi munthu wina kunali kwabwinoko kusiyana ndi kukhala chete yekha. Akaweruka ankabwerera kuchipinda, kuchapa ovolosi, kuyanika pawindo, n'kutsegula buku la mafupa dzuwa lisanalowe.

Tsiku lachisanu a Kapitawo anabwera atavala jekete m'malo mwa ovolosi.

"Mlongo wanga wamkulu watisiya. Ndikhala masiku atatu. Mukwanitsa?"

"Pepani kwambiri, a Kapitawo. Pitani, ndikwanitsa."

"Nambala ya a Dokotala ili pachitseko cha kabati ya mankhwala. Kiyi ndi uyu."

Anamupatsa kiyi, anagwira Pulofesa pamphumi, n'kunyamuka. Munthu wina wotsala pakolejipo anali mlonda wa kugeti yaikulu, mtunda wa mphindi khumi kuchokera kukhola, yemwe sankaloledwa kuchoka pamalo pake.

Tsiku loyamba ali yekha zonse zinayenda bwino. Lotsatiralo m'mawa, atamaliza kukama, anatulutsira ng'ombe kubwalo lodyera n'kupita kukadula udzu pang'ono m'mphepete mwa munda uja. Akubwerera, dzanja lili pa waya wa geti, foni inalira m'thumba. Chinali chithunzi chochokera kwa mwana wake. Mtsikanayo anaima pakati pa bambo ake ndi mkazi wawo, atavala diresi labuluu la operekeza mkwatibwi, tsitsi litalukidwa bwino. Anali atatalika kupitirira phewa la bambo akewo. Zakhali anakulitsa chithunzicho ndi zala. M'makutu mwa mwanayo munali ndolo. Chaka chatha makutuwo anali osaboola. Anayang'ana nthawi yaitali, akuganiza kuti anamuboola ndani, komanso ngati analira. Kenaka analemba kuti, "Watchena mwanangu," n'kubwezera foni m'thumba, kunyamula udzu, ulendo wa kumakola a agalu.

Anatsuka makola onse anayi, anadyetsa agalu, anapatsa mbuzi yotsokomola ija mankhwala ake. Panali patapita maola awiri pamene anatuluka ndi wilibala n'kuona geti ya kumunsi ili yasa. Pakati pa munda wobiriwira uja panali msana wakuda wa mawanga oyera.

Anathamanga jombo zikumulemera. Ng'ombe zina zinali zisanalowe, kupatula kamsoti kamodzi kamene kanali pafupi ndi geti. Anakathamangitsa, kenaka anagwira Pulofesa panyanga yotsalayo n'kumukoka. Ng'ombeyo inatuluka monyinyirika, masamba ali lende kukamwa. Inkaoneka bwinobwino, ndipo Zakhali anayamba kudziuza kuti mwina yangolowa kumene.

Theka la ola lisanathe, mbali ya kumanzere ya Pulofesa inayamba kukwera. Dzenje limene limakhala pakati pa nthiti ndi chiuno linadzaza, kenaka linatumphuka kupitirira msana. Ataligogoda ndi zala linalira ngati mgolo wopanda kanthu. Ng'ombeyo inkadziponda kumimba ndi mwendo wakumbuyo, itatambasula khosi, kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha.

Zakhali anailowetsa m'kampata kopanikizira, anatsegula kabati ya mankhwala n'kuimba nambala ya pachitseko. A Dokotala anali mayi wa msinkhu wake womwewo, amene ankaphunzitsa zonse za kukhola, wolankhula mwachidule ndiponso wosakonda kubwereza. Anayankha foni itaitana kachisanu.

"Ndine wophunzira wotsala kukhola uja. Pulofesa walowa m'munda wa nyemba. Wafufuma kwambiri."

"A Kapitawo ali kuti?"

"Kumaliro."

"Ine ndili kutali, maola anayi pa galimoto. Muli ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

Pa foni kunamveka chitseko chikutsekedwa, phokoso la ana n'kuzilala.

"Chabwino, mayi. Ikani foni pamtengo kuti muzindimva manja ali pantchito. Tengani paipi ya m'mimba ndi thabwa lija lobowola pakati. Munapangapo?"

"Kamodzi, mutandigwira dzanja."

"Lero ndi kachiwiri."

Anaika thabwa kukamwa kwa ng'ombeyo n'kuyamba kulowetsa paipi pang'onopang'ono, akudikira kuti imeze. Ananunkhiza kumapeto kwake monga anaphunzirira, ndipo fungo la msipu wosasa linamutsimikizira kuti yalowa m'mimba osati m'mapapo. Koma mpweya sunatuluke. Kunangobwera thovu lobiriwira pang'ono, n'kutseka.

"Kumeneko ndi kufufuma kwa thovu," anatero a Dokotala. "Pansi pa kabati pali botolo la mafuta ophikira. Thirani theka la lita kudzera m'paipimo, muchotse paipiyo, mudikire. Muzindiuza zimene mukuona."

Anathira mafutawo. Anadikira, akusisita mbali yotupayo ndi chibakera. Mphindi zisanu, zisanu ndi ziwiri. Mimba inangolimbirabe. Kupuma kwa ng'ombeyo kunasanduka kubuula kwafupikufupi, ndipo miyendo yakumbuyo inayamba kugwedera. Zakhali anatukula mlomo wa ng'ombeyo.

"Nkhama zayamba kuda, a Dokotala. Akufuna kugwa."

"Akagwa sadzukanso. Mu kabatimo muli kabokosi kofiira. Muli chitsulo choboolera, chosongoka, chili m'kati mwa kapaipi kake. Mwachipeza?"

Anachipeza. Chinali chachitali ngati mpeni wa kukhitchini, chozizira. Anali atachionapo pa chithunzi cha m'buku basi. Phunziro lake linali la chaka chachiwiri.

"Mvetserani bwino. Mbali ya kumanzere. Chikhatho chimodzi kuchokera pa nthiti yomaliza, chikhatho chimodzi kuchokera pa fupa la m'chiuno, chikhatho chimodzi kutsika kuchokera kumsana. Pukutani ndi sipiriti, chekani khungu pang'ono ndi lumo. Mulozetse chitsulocho ku chigongono cha mwendo wakutsogolo wakumanja. Ndipo musabaye monyengerera. Mukatero…"

Mawu anaduka. Zakhali anatola foni. Inali itasiya kugwira, monga inkachitira kawirikawiri kukholako mitambo ikachuluka. Anaimbanso, sinalowe. Anayang'ana ku msewu wa kugeti yaikulu, kenaka ku mawindo otseka a hositelo. Kunalibe woti amuitane. Anabwezera foni pamtengo.

Anayeza ndi chikhatho katatu monga anauzidwira. Anapukuta, anacheka khungu, ng'ombeyo sinatekeseke n'komwe. Anaika nsonga ya chitsulo pachilondapo n'kukankha, koma dzanja linachita mantha, chitsulocho chinangoterera m'mbali. Pulofesa anagwada ndi mwendo umodzi, thupi lonse n'kutsamira matabwa a kampata. Zakhali anabwezera nsonga pamalo pake, anagwira chitsulo ndi dzanja lamanzere, n'kuchimenya ndi chikhatho chamanja ndi mphamvu zake zonse. Anamva chikuboola n'kulowa. Atasolola chosongokacho n'kusiya kapaipi, mpweya unatuluka ndi mluzu, wonunkha moti maso anadzaza misozi, ndipo thovu lobiriwira linamuthovukira kumaso ndi pachifuwa.

Posakhalitsa thovulo linatseka kapaipi. Anatokosa ndi kawaya koyera ka m'bokosi muja, linatuluka, linatsekanso. Anatenga jakisoni wamkulu wopanda singano n'kupopera mafuta otsala m'mimba kudzera m'kapaipiko. Anatokosanso. Anachita zimenezo mpaka mkono unachita dzanzi. Kenaka, mwapang'onopang'ono, mbali ija inayamba kufewa. Pulofesa anawongola mwendo wogwada uja, anagwedeza mutu, n'kugeya mokweza ngati bambo amene wakhuta kunyumba kwake.

Pamene mimba inkaphwa, kapaipi kanayamba kusuntha ngati kakufuna kutuluka. Palibe anamuuza chochita, koma Zakhali anaona kuti m'mphepete mwake munali timabowo. Anatenga singano yokhota ndi ulusi wosokera zilonda n'kukasokerera kukhungu, mfundo zinayi zofanana kukula kwake. Zala zake zinagwira ntchitoyo zokha.

Anakhala pansi pomwepo, pa simenti yonyowa, msana atatsamira mtengo wa kampata. Ankafuna kuti pakhale munthu woti amuuze kuti, "Mwaona?" Panali mbuzi ziwiri zokha zimene zinasuzumira pa mpanda, zikutafuna.

Foni inagwiranso masana. A Dokotala anamvetsera zonse osamudula mawu, kenaka anamuuza mankhwala oti abaye oteteza chilonda ndi mlingo wake, anati aipatse udzu wouma wokha, ndipo iwo afika mawa. Zakhali anawerengera mlingowo kawiri papepala asanabaye. Tsiku lonselo sanachoke kukhola. Anatenga ndowa, anaivundikira pafupi ndi Pulofesa n'kukhalapo. Nthawi ina anadzipeza akuiuza ng'ombeyo za ndolo zija, ndi za tsiku limene mwanayo anabadwa, mvula ikugwa, makutu ake ali tating'ono ngati masamba a mtedza. Cha m'ma faifi koloko nsagwada za Pulofesa zinayamba kuyenda. Anali akubzikula.

A Dokotala anafika m'mawa mwake ndi galimoto yafumbi. Anamvetsera mimba, anayeza kutentha kwa thupi, kenaka anawerama pa kapaipi kaja nthawi ndithu.

"Mwatsika pang'ono, koma mwalasa. Wasoka apa ndani?"

"Ine."

"Kusoka sitinafikepo. Munaphunzira kuti?"

"Ndinkasoka makolala a malaya."

A Dokotala anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Kenaka anatembenukira ku geti ya kumunsi.

"Chotsekera chimenecho ndinachinena kalekale ku ofesi. Ndiye waya uja waduka?"

Mwayi wothawira unali pamenepo, ndipo a Dokotala ankaoneka kuti aupereka dala. Zakhali anayang'ana jombo zake.

"Sanaduke. A Kapitawo anandiuza kuti ndizizunguliza kawiri. Ndinazunguliza kamodzi. Ndinali pa foni."

"Mukudziwa kuti ndiyenera kulemba zonse ziwiri mu lipoti? Kubaya kwanu ndi geti yomwe."

"Lembani, a Dokotala."

"Chabwino. Gwirani mchira, tichotse kapaipika."

A Kapitawo anabwerako tsiku lotsatira. Anamva nkhaniyo ataimirira, akuyendetsa chala m'mphepete mwa chilonda cha Pulofesa. Sanakalipe. Anapita kunyumba kwawo, anabwera ndi chotsekera chakale cha chitseko chawo cha kukhitchini, n'kuchikhomera pa geti ija. Nthawi ya nkhomaliro anathira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki n'kumupatsira Zakhali, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Tinabadwa asanu ndi awiri," anatero patapita nthawi. "Ndatsala ndekha. Kumanda kuja ndimayang'ana uku ndi uku, palibe amene amandidziwa ndili mwana."

Zakhali anamwa tiyiyo, anabweza chivindikiro, ndipo anakhala choncho mpaka nthawi yomwetsa mbuzi inakwana.

Lamlungu anaimbira mwana wake. Nsapato zija anali atazitumiza pa basi.

"Zafika, amayi, zikomo. Kungoti zikundithina pang'ono."

"Phazi lakula?"

"Ndimavala sikisi tsopano."

"Sindimadziwa. Upatse mnzako, ndidzagula zina. Sabata ino ndapulumutsa ng'ombe. Inatsala pang'ono kufa, ndinali ndekhandekha."

"Zoona? Inatani?"

Anayamba kufotokoza za munda wa nyemba ndi paipi ya m'mimba. Asanafike pa chitsulo choboolera, kunamveka mawu a mwamuna akuitana chapatali.

"Adadi akundifuna, amayi. Mudzandiuze bwino tsiku lina."

"Pita, mwanangu."

Koleji itatsegulira, a Dokotala anatengera kalasi yonse kukhola n'kuimika Pulofesa m'kampata. Anafotokoza za kufufuma kwa mimba, anaonetsa pobaya, kenaka anati, "Amene anabaya apa ali pakati panu, ndipo anabaya bwino. Amene anasiya geti alinso pakati panu. Ndi munthu mmodzi. Muphunzirepo zonse ziwiri." Ophunzira anatembenuka n'kumuyang'ana. Mnyamata wamtali uja anati, "Tinati mutisungire, Azakhali, osati muwabaye ndi mkondo a Pulofesa," ndipo onse anaseka, Zakhali nayenso.

Kwa masiku awiri anthu ankamuimitsa pakhonde kuti awafotokozere. Mtsikana wa m'chipinda mwake anabwera masana ena ndi chidutswa cha chubu cha njinga n'kupempha kuti amuphunzitse kumanga mfundo zosokera chilonda. Anakhala limodzi pabedi ola lathunthu, mitu itagundana. Atadziwa, anathokoza mogwada pang'ono n'kubwerera kwa anzake. Sabata yotsatira nkhani inali ya mayeso, ndipo zinthu zinabwerera mwakale.

Lipoti lija linamudyera malikisi khumi a ntchito ya kukhola. Mayeso a mafupa anakhoza mopulumukira. Komabe chaka chinatha iye atakhoza, ndipo chachiwiri chitafika pakati, koleji inagawa ophunzira kuti akagwire ntchito kunja kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri anapempha zipatala za agalu ndi amphaka za m'tauni, awiriawiri. Panali famu ina yamkaka yakutali, msewu wake wafumbi, imene inkafuna munthu mmodzi. A Dokotala anamuitanira ku ofesi.

"Kumeneko dokotala amafikako kamodzi pamwezi. Masiku enawo mudzakhala nokha. Ndikufuna munthu woti foni ikaduka asaime manja."

"Ndipita," anatero Zakhali.

Tsiku lonyamuka anadzera kukhola ndi chikwama chake. A Kapitawo anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kampeni kokhota kosemera ziboda, chigwiriro chake chitasalala ndi ukalamba.

"Kumafamu aakulu vuto ndi mapazi. Zimaima pa simenti tsiku lonse. Muzikanola Loweruka lililonse."

Anafika pa famupo dzuwa litapendeka. Woyang'anira anamuonetsa kachipinda kogundizana ndi mosungira mkaka, ka bedi limodzi, mpando ndi msomali wokolekapo zovala. Kuseri kwa khoma makina oziziritsa mkaka ankang'ung'udza osalekeza. Ng'ombe zinalipo mazana awiri, ndipo zinalibe maina, zinali ndi manambala m'makutu. Okama onse anali amuna, ankagona kumidzi yapafupi ndipo ankachoka akangomaliza ntchito.

M'mawa mwake anaima pakhomo la mokamira, ng'ombe zikutuluka pamzere. Ankayang'ana miyendo yokha. Pafupi ndi kumapeto kwa mzere inatulukira ina yofiira ikutsimphina, phazi lakumbuyo ikungoligunditsa pansi.

"Iyo yayamba liti?" anafunsa mmodzi wa okama.

"Sabata yatha, mayi. Timadikira a dokotala."

"Ilowetseni m'kampata. Mundipatse chingwe ndi ndowa ya madzi."

Anamanga mwendo, anaukweza, anatsuka chiboda n'kuyamba kusema pang'onopang'ono. Pakati pa zala ziwiri za chibodacho kampeni kanagunda chinthu cholimba. Kanali kamsomali kadzimbiri, kotalika ngati chala chaching'ono. Anakazula, anafinya mafinya, anathira mankhwala n'kumanga bandeji. Atamasula chingwe, ng'ombeyo inaponda pansi mokayikira, kenaka inaponda ndithu n'kutsatira zinzake.

Wokama uja anatola kamsomaliko n'kukayang'anitsitsa.

"Pali inanso kukhola lakumtunda," anatero. "Imeneyo ndi mwendo wakutsogolo."

Zakhali anatsuka kampeni m'ndowa n'kukapukuta pa ovolosi.

"Kaitengeni," anatero.